Gwira Munsi Tione

Kuyambira ndili mwana, amayi anga ankanena kuti amayi awo analowa m'makina a mzungu. Sankanena ngati nthano ayi. Ankanena mmene munthu amanenera za mlongo wake amene anapita ku Joni: alipo, kungoti ali kutali ndipo sayimba foni.

Nkhani yake inali yaifupi ndipo sinkasintha. Amayi ali kamtsikana, kumudzi kwathu kumapiri a Ntchisi kunafika galimoto. Munatsika mzungu ndi womasulira wake atanyamula bokosi lokhala ndi timagudumu tiwiri tozungulira. Mzunguyo sanabwerere msonkho, sanafunenso kuona zigafa za fodya. Anafuna kuti akazi asinje chimanga akuimba. Atamaliza anapotokola kena kake, bokosi lija n'kuyamba kuimba lokha ndi mawu awo omwe, akazi ena n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. "Amayi anga adalipo tsiku limenelo," ankatero amayi. "Mawu awo adapita nawo azungu." Pasanapite nthawi yaitali, agogowo anamwalira.

Zotsalazo tinkazidziwa popanda wotikhazika pansi. Agogo anadwala khate. Dzina limeneli m'nyumba mwathu silinkatchulidwa, tinkangoti "matenda aja." Anawamangira msasa kunja kwa mudzi, pafupi ndi nsungwi, ndipo atamwalira sanawaike kumanda, chifukwa masiku amenewo akhate sankagona pamodzi ndi anzawo. Anakawasiya kuphiri, kumalo kumene mwana sanaloledwe kupita. Amayi analeredwa ndi mng'ono wa malemuwo, amene iwo ankawatcha amayi aang'ono, ndipo agogo aamuna anangosamukira m'nyumba ya mlamu wawoyo n'kukhala banja. Amayi ankati chimenecho chinali chifundo, kuti mwana wamasiye apeze bambo ndi mayi pakhomo limodzi. Chaka chimene tinamanga chiliza cha amayi aang'onowo, amayi anga anagulitsa mbuzi zawo zonse, n'kuimirira padzuwa kuyang'anira omanga ngati kapitawo wa pamsewu. Pobwerera kumanda anangoti, "Awa ndawamangira. Anga enieni ndilibe ngakhale poti ndikazulepo udzu."

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Madisi, ndipo anzanga amati ndine wovuta. Sindikana. Amayi anabwera kudzakhala nane kunyumba ya sukulu maso awo atachita ng'ala, miyendo nayo itayamba kukana mtunda wa kumjigo. Akafuna kundiseka amanditcha "amadamu," akafuna kundituma amati "iwe."

Tchuthi china anatiitana ku maphunziro a aphunzitsi. Bambo wina wa tayi yofiira anationetsa pakhoma kuti malaibulale aakulu a kunja anajambula zinthu zakale za dziko lino n'kuziika pa intaneti, moti aliyense atha kuziona. Anzanga ambiri maso anali pa kireti ya zakumwa imene inali pakhomo. Ine ndinatchera khutu, chifukwa ndinali nditatopa kuphunzitsa mbiri ya dziko ndi buku lothothoka masamba limene kalasi yonse imalimbirana.

Kwathu netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Ndikaweruka ndinkakwera pamenepo, foni m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti, alimi odutsa ndi ngolo n'kumandipatsa moni mondimvera chisoni. Masiku oyamba ndinasangalala ngati mwana amene wapatsidwa kiyi wa golosale. Ndinaona mapu akale a mapiri athu, misewu isanakumbidwe. Ndinaona mabwana a boma atagona m'machila, anthu athu atawanyamula. Ndinawerenga za mvula, za msonkho wa nyumba, za fodya wochiza ndi utsi, za mmene azungu a mishoni ankadandaulira kuti anthu a kuno amakonda gule kuposa Sande sukulu. Za Dzaleka ya nthawi imene inali ndende ndinapeza zochepa, ngati anthu amene anakhalamo anatuluka osasiya phazi.

Kenako chisangalalo chija chinayamba kuwawa. Pa zithunzi zimene ndinaona, mzungu aliyense anali ndi dzina, mwina ndi galu wake yemwe. Athu ankangolembedwa kuti akazi akutunga madzi, anyamata a mtengatenga, mfumu ndi anthu ake. Ndinkakulitsa nkhope zawo ndi zala mpaka zisanduke timadontho, kufunafuna mphuno ya kwathu. Ndinkatsika pachulu nditakwiya, osadziwa woti ndimukalipire, ndiye ankalipira ndi ana a m'kalasi mwanga m'mawa mwake.

Tsiku lina ndinapeza kuti tsamba lina la pa intaneti silinali la zithunzi zokha. Munalinso mawu. Nyimbo za ng'oma, za kalimba, za pamaliro, ndipo pansi pake mndandanda wautali wa nyimbo za pamtondo za m'maboma a kuno, zina zolembedwa ndi maina akale a malo. Ndinadina imodzi. M'foni mwanga munatuluka kugunda kwa minsi, kenako akazi akuimba, akazi amene tsopano onse ndi dothi. Bokosi la timagudumu tiwiri lija silinali maloto a mwana.

Ndikanatha kukhala chete kaye, koma pakamwa panga sipasunga madzi. Ndinathamanga kunyumba, ndinapeza amayi pakhonde akutongola nyemba ndi manja osaona.

"Amayi, makina anu aja ndawapeza."

Anasiya nyemba. "Makina ati?"

"A mzungu aja. Mawu aja anawasunga. Ali kunja, koma amafika pa foni."

Maso oyerawo analoza kumapiri. Kenako anafunsa motsitsa, ngati tikunena za wodwala amene ali m'chipinda china: "Akadali momwemo?"

Ndinati sindikudziwa, nyimbo zilipo zambiri, maina mulibe, tiyenera kufufuza. Zonsezo sanazimve. Anamva zoti amayi awo apezeka.

Amayi sakanatha kukwera chulu, ndiye Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Dzaleka, kumene tsopano kumakhala othawa kwawo ndipo intaneti imathamanga. Bambo wina wa ku Burundi, wa imvi, wokonza mafoni, anandikoperera nyimbo zonse za pamtondo zija mu memori khadi. Anamvetsera imodzi ali ndi kawaya m'kamwa, n'kunena m'Chichewa chake chopindika kuti kwawonso amayi ankaimba choncho, koma iye alibe poti akazifufuze. Ndinagulanso kawailesi kaja ka sola, kokhala ndi tochi kumutu, kamene amayi a m'midzi amamverera nyimbo za kwaya.

Kuyambira pamenepo masana athu anasintha. Ndikaweruka ndinkapeza amayi atasamba kale, atamanga chitenje chawo cha ku tchalitchi ndi duku, atakhala pamphasa ngati akudikira alendo. Ndinawaseka kuti wailesi ilibe maso. "Amadamu," anatero, "munthu sukumana ndi amako uli ndi litsiro."

Tinkamvera imodzi imodzi. Amayi anali woweruza wankhanza. Ina isanafike n'pakati pomwe ankagwedeza dzanja. "Awa si akwathu, amakoka mawu ngati a kunyanja." Ina: "Awa akusinja ngati akudwala malungo. Chotsa." Ina anaidziwa, anaimba nawo pang'ono n'kuseka mpaka kutsokomola, chifukwa inali yonyoza mkamwini waulesi amene amadzuka nkhuku zitatsika kale. Anandifotokozera kuti pamtondo m'pamene panali bwalo la akazi. Chimene sukanatha kuuza mwamuna wako, apongozi ako, kapena mkazi mnzako pamaso, unkachiika m'nyimbo n'kuchisinjira pamodzi ndi chimanga, mwini wake n'kumamva ali pakhomo pake, osatha kukusumira. Masiku amenewo anali abwino, ndikuvomera. Sindinawaonepo amayi ali achimwemwe choncho chimwalirire abambo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Loweruka masana, nyengo yosoka fodya, fungo lake lili ponseponse. Ndinadina nyimbo yotsatira ndikuganiza za zochapa. Inayamba ndi minsi itatu mumtondo umodzi, yolandizana mwachangu. Amayi anakweza dzanja, koma osati lochotsa. Kenako mkazi wina anatsogolera, mawu ake okwera, oyera ngati a mtsikana.

"Amayi aang'ono awa!" anakuwa amayi, n'kundigwira bondo. Nkhope yawo yonse inaseka. "Ndi iwowa! Kwathu kuno! Kweza, iwe, kweza!"

Ndinakweza. Mawu ake anamveka bwino lomwe, ngati akuimbira kuseri kwa khitchini yathu.

*Mkazi wa njinga, gwira munsi tione,*
*Dzulo udatipitirira, fumbi m'maso.*
*Zala zako zili kuti, mkulu wanga?*
*Zidatsala pa belu.*

Anzake ankavomera kuti *gwira munsi tione*, wina n'kumalira ngati belu la njinga, onse n'kumaseka osasiya kusinja.

Ine sindinamvetse msanga. Ndinamvetsa nditaona dzanja la amayi likuchoka pabondo langa pang'onopang'ono n'kukagona pamphasa. Kuseka kuja kunatsalira pamilomo kanthawi, ngati kwaiwala njira yochokera. Ndinatambasula dzanja kuti ndizime.

"Usakhudze," anatero.

Nyimboyo inabwereza mawu omwewo mpaka minsi inaleka. Akazi aja anaseka, wina anaomba m'manja. Mwamuna wina, mwina womasulira uja, ananena kena kake pafupi ndi makina. Ndiye chapatali, pansi pa phokoso lonselo, panamveka mawu amodzi aatali, okhala ngati a munthu woitana ali patsidya. Asanathe n'komwe, tepi inaduka.

"Bwezera."

"Amayi, tiyeni tisiye."

"Ndati bwezera."

Kawailesi kaja sikadumpha pakati pa nyimbo. Ukafuna kumapeto, uyenera kuyambira poyamba. Tinamveranso yonse, belu ndi kuseka komwe, mpaka mawu a patali aja. Amayi anapuma mwamphamvu.

"Ndi iwo," anatero. "Akundiitana kumsasa."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, anandiuza zimene anali asanandiuzepo, ndipo zina ndikhulupirira kuti anali akuziuza okha koyamba. Abambo awo anabwera kuchokera ku Halale ndi njinga, yoyamba m'mudzimo. Ankakweza mkazi wawo kumbuyo popita ku tchalitchi, agogo n'kumapisa dzanja m'khwapa mwa amuna awo kuliza belu podutsa pamtondo. Anali okongola, ankadziwanso kuti ndi okongola. Matenda atabwera anayambira ku zala. Tsiku la mzungu lija agogo sanali pamtondo. Anali atakhala pamwala wawo pafupi ndi msasa, pamene ankakhala masiku onse, poonekera koma patali. Mwana anaona amake ali pomwepo, anaona makina akumeza mawu a mudzi wonse, n'kuganiza kuti ameza ndi awo omwe.

"Nyimboyi ndinkaimva," anatero amayi. "Ndinkavina nayo. Ndinkayesa ndi ya njinga."

Anati agogo sankaitana anthu akusinja. Ankadikira amalize, aseke, akhute, ndiye n'kuitana mwana wawo kuti awatengere mphale yawo pa lichero n'kukaisiya pamwala.

"Ndiye munapita?" ndinafunsa. Funso lopusa, la mphunzitsi wozolowera kufunsa.

"Ndidali pafupi ndi bokosi lija, kuyang'ana timagudumu," anatero. "Sindikukumbukira ngati ndidapita. Sindikukumbukira ngati ndidayankha n'komwe."

Ndiyenera kunena zimene makutu anga anamva, chifukwa zimandivutitsa mpaka lero. Ndinamvera malo amenewo kambirimbiri ndili ndekha pachulu, mahedifoni ali m'makutu. Pali mawu, inde. Atha kukhala a mkazi woitana mwana. Atha kukhalanso a munthu woingitsa nkhuku pa mphale yoyanika, kapena a mbusa kudambo. Dzina silimveka. Amayi amati akumva dzina lawo la paubwana, limene ine sindinamvepo wina akuwatchula nalo. Ine ndimamva mphepo ndi kukhosi kwa munthu. Sindinawauze, ndipo sindidzawauza.

Ndinalembera a ku laibulale kuja, kufunsa ngati tepiyo inapitirira, ngati pali china chimene chinajambulidwa tsiku lomwelo m'mudzi womwewo. Anandiyankha mwaulemu kwambiri. Anati tepiyo inathera pomwepo, palibenso china. Anati ndi okondwa kuti nyimboyo yafika kwa eni ake, ndipo anapempha ngati banja lathu lingawauze dzina la mayi wotsogolera uja kuti alilembe, dziko lonse limudziwe. Anati mawu ake ndi amodzi mwa okoma kwambiri m'nkhokwe yawo. Sananame, ndi okomadi.

Ndinawamasulira amayi.

"Woitanayo amufunsa?" anatero.

"Ayi. Ndikuona ngati sanamumve."

"Basi, asiye."

Sindinawayankhe anthu aja. Alibe mlandu, anasunga chimene anapatsidwa. Komabe ndikaganiza kuti chinthu chokhacho cha agogo anga chimene chasungidwa m'nyumba yozizira kutsidya kwa nyanja, chotetezedwa ku chiswe ndi mvula, ndi chipongwe chimene mng'ono wawo anawaimbira, mtima umandiwira. Manda alibe, chithunzi alibe. Chipongwe chokha ndiye chidzakhalapo ife tonse titapita.

Ndinaganiza zokonza zinthu, monga ndimachitira. Ndinabwerera ku Dzaleka kwa bambo uja, n'kumupempha kuti adule nyimbo yonse, asiye kumapeto kokha, akwezenso mawu. Anachita mosamala. Chimene chinatuluka chinali ngati mphepo ikulira m'chitini, yobwerezabwereza. Ndinapita nacho kunyumba ndikudzitama mumtima kuti ndawachotsera amayi minga m'nsomba.

Anamvera kamodzi. "N'chiyani chimenechi?"

"Ndi agogo okha, amayi. Ndachotsa zinazo."

"Awa si amayi anga. Bwezeramo ija."

"Ija imakupwetekani. Mukufuniranji kumva anthu akuwanyoza tsiku lililonse?"

Anatembenukira kumene kunachokera mawu anga, maso awo n'kundiphonya pang'ono. "Iwo ankaimva yonse," anatero. "Ankakhala pamwala paja mpaka ithe, ndiye n'kundiitana. Ine ndine yani woti ndidumphe?"

Ndinabwezeramo. Ndinachotsa zina zonse mu memori khadi chifukwa ankavutika kuipeza, moti kawailesi kanatsala ndi nyimbo imodzi yokha, ikatha n'kuyambanso yokha. Anaphunzira batani lake ndi chala. M'mawa ankakaika padzuwa kuti kadye moto, masana n'kukaika pamiyendo.

Chitenje cha ku tchalitchi chija sanachimangenso pomvera. Ku gulu la amayi a mpingo anasiya kupita, ati miyendo. Anzawo atabwera kudzawaona ndi nyimbo ndi pemphero, anawalandira bwino, koma atangotuluka pageti anayatsanso wailesi. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti anasiya kutchula amayi aang'ono. Kale sipankatha tsiku osawatchula: amayi aang'ono ankati mchere suthira uli chiimire, amayi aang'ono ankapeta chonchi. Zonsezo zinangoti zii.

Itafika nyengo yolambula kumanda, asuweni anga anaimba foni kuchokera kumudzi kuti galimoto ipezeka, ndibwere nawo amayi. Amayi anakana. Ndinawakakamiza, monga mwa khalidwe langa, kuti anthu adzanena chiyani, chiliza munamanga nokha.

"Ukufuna ndikaime pamenepo ndinene chiyani?" anatero. "Adandisambitsa. Adandiveka. Nditatha msinkhu adandilangiza ndi iwo, ku ukwati adandiperekeza ndi iwo. Iwe utabadwa adakulandira ndi manja awo. Sadandimenyepo ndi kamodzi komwe." Anasisita wailesi. "Ndipo ankaimba bwino. Wamva wekha mmene ankaimbira mokondwa. Abambo anga n'kuti adasamukira kale kapena asadasamuke? Ndifunse yani? Kudana nawo ndikulephera. Kuwakonda ndikulepheranso. Ndiwatani tsopano?"

Ndinapita kukawafunira mayi mmodzi amene anatayika, ndipo ndinabwera nditawalanda winayo amene anali naye. Asanamve nyimbo ija anali mwana wamasiye amene analeredwa ndi chifundo. Tsopano, tsitsi lonse litayera, sakudziwa kuti analeredwa ndi chiyani. Ndimadzifunsa ngati mbiri imene ndinkaifuna pachulu paja ili ndi ntchito kwa munthu wosauka, kapena ndi katundu wa anthu amene makolo awo anajambulidwa atavala nsapato.

Nyumba ya mphunzitsi ilibe mpanda weniweni, ndipo ana a sukulu ali ndi makutu ngati a mleme. Nyimboyo ndi yokoma, imagwira msanga. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamva atsikana a sitandade folo akudumpha chingwe kuseri kwa kalasi, akuwerengera ndi *gwira munsi tione*. Wina ankalira ngati belu, ndendende mkazi wa pa tepi uja. Ndinatuluka ndi choko m'manja, ndinakalipa mpaka ahedi anasuzumira pawindo la ofesi. Anawo anandiyang'ana modabwa. Mmodzi wolimba mtima anati, "Madamu, si ya agogo a kwanu? Timaimva tsiku lililonse." Sadziwa khate anawa, mankhwala ake anafika iwo asanabadwe. Ambiri sanagwirepo munsi, chimanga chimapita kuchigayo. Kwa iwo ndi nyimbo ya njinga, monga inalili kwa amayi.

Ndinailetsa, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo akudziwa chimene chimachitika ukaletsa nyimbo. Inafika kumjigo. Ndinaimva kwa mayi wina pamzere wa kuchigayo, akutonthoza nayo mwana kumsana. Nyimbo imene inafa yokha m'mudzi mwake, oimba ake onse atapita, ndinakaidzutsa ine ndi foni yanga n'kuibweretsa ku Madisi. Amayi akamva ana akudutsa nayo pamsewu ankangopendeketsa mutu mpaka anawo amalize, n'kudikirabe pang'ono.

Pachulu ndinasiya kukwera. Tsamba lija likadalipo, mwina awonjezeramo zina. Anzanga akandifunsa dzina lake ndimawapatsa, sindine woti ndibise laibulale, koma ndimawauza kuti akapeza za kwawo ayambe amvera okha.

Chaka chathachi makutu a amayi anayamba kutseka. Anayamba ndi kundifunsa kuti ndani wachepetsa wailesi, pamene ili pamapeto. Ndinapita nawo kuchipatala, anatsuka m'makutu, anati zotsalazo ndi ukalamba. Mawu aang'ono ndi amene anayamba kuthawa: nkhuku, mvula yowaza padenga, ine ndikamalankhulira kukhitchini. Minsi ankaimvabe, ndi mawu okwera a amayi aang'ono. Mawu a patali aja ndiwo anapita oyamba.

Tsiku limene anazindikira, anamvera mpaka kumapeto wailesi ili pakhutu, nyimbo n'kuyambiranso. Anamveranso. Kenako anandiitana.

"Iwe, wadulanso?"

Ndinawayankhira kukhutu, mokuwa, kuti sindinakhudze.

"Ndiye sakuitana bwanji?"

"Akuitana, amayi. Ndinu amene simukumva."

Anaika wailesi pamiyendo. Sanalire. Amayi anga salira pamaso pa ana awo. Anati ndikhale pafupi, ikafika pamenepo ndiwatsine dzanja. Ndinakhala, tinamvera yonse, minsi inaleka, akazi anaseka, mwamuna uja analankhula, ndipo pa mawu amene ine sindikudziwa ngati ndi a agogo ndinawafinya dzanja.

"Wee!" anayankha amayi, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo. "Ndikubwera, amayi!"

Atangotero minsi inayambanso.

Loweruka ndi Lamulungu ndimakhala nawo, ndimawafinya dzanja pa nthawi yake. Koma masiku ena onse ndimakhala m'kalasi, ndipo kalasi yanga yayang'anana ndi khonde lathu. Tsopano ngakhale minsi saimva bwino, amangoimva ikunjenjemera m'manja. Amayesa kuwerengera okha pamene nyimbo yathera, ndipo nthawi zambiri amaphonya. Ndimakhala ndikulemba pabolodi, wailesi ikulira kutsidya kwa bwalo, amayi aang'ono ali pakati pofunsa kuti zala zili kuti, anzawo akuseka, ndiye ndimamva amayi anga akuyankha mokweza kuti wee, akubwera. Ana amayang'anana, ena amabisa kuseka m'manja. Ine sinditembenuka. Ndimawauza kuti apitirize kukopera.